Tsamba Langa Linathokoza Aliyense

Ana anga, Dalitso ndi Tiyanjane, amayi anu akuti popeza tsopano ndilibe chochita kupatula kukangana ndi nkhuku za aneba, ndilembe mbiri ya ntchito yanga. Ndavomera, koma mutu uno ndalemba iwo osadziwa. Ndi mutu wa maso a agogo anu aNambewe, ndi mmene ine bambo anu, katswiri wa makompyuta wa komboni yonse ya Nabvutika, ndinawachotsera pa mndandanda wa okapalidwa ng'ala. Nkhaniyi mwaimva kale kwa amalume anu, amene amaisimba bwino kuposa ine chifukwa panalibe iwo. Imvani ndi yanga.

Chaka chimene ndinachoka ku koleji, ndi zaka za ku Mwami

Ku koleji ya zauphunzitsi ndinakhalako chaka chimodzi ndi miyezi inayi. Sindinathamangitsidwe. Tinangogwirizana ndi akuluakulu kuti koleji ingayende bwino popanda ine, ndipo zaka zaonetsa kuti tonse tinaganiza bwino. Bambo anga, amene anali kalaliki ku mishoni, analandira nkhaniyi mwachikhristu: sanandiyankhule mpaka Khirisimasi.

Ntchito yanga yoyamba inali ku Mwami, pamalire, mu kaofesi ka munthu wina wokonzera madalaivala a mathiraki mapepala a kasitomu. Ndinkataipa kuyambira m'mawa mpaka zala kuuma. Kumeneko ndinaphunzira chimene koleji sikanandiphunzitsa, chakuti fomu iliyonse inakonzedwa ndi munthu amene sadzaidzaza. Malo a dzina amakhala aang'ono moti munthu wa mayina atatu amayenera kusankha kholo loti alikane. Kompyuta itabwera, abwana anaiopa, naiphimba ndi chitenje. Ndinaivundukula ndine. Zaka zitapita ndinapezeka ndili m'tauni muno, ndikupangira masamba a pa intaneti eni malo ogona alendo ndi masukulu a ana, ndipo anthu anayamba kundiitana kuti injiniya. Sindinawatsutse. Satifiketi ndinalibe, choncho ulemu umenewo ndinautola n'kuuika m'thumba.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka 55

Chaka chimenecho ndinalembedwa ntchito ku bungwe lina lothandiza okalamba. Dzina lake silembamo, chifukwa muli anthu abwino amene akadali komweko. Mkulu wa ofesi anali aSakala, munthu wamadigiri awiri amene anawapachika kumbuyo kwa mpando wake kuti aliyense wolankhula naye azilankhula ndi atatu. Sanali munthu woipa. Ankangoopa kwambiri azungu otipatsa thandizo, monga mmene ena amaopera mphezi.

Nkhani inali yakuti madokotala a maso ochokera kutali adzabwera mu Ogasiti, kudzapala ng'ala kwa sabata imodzi pachipatala china. Malo anali 40 basi, ndipo woyamba kulembetsa ndiye woyamba kuthandizidwa. Kale okalamba ankabwera okha kudzafola pakhonde pathu, ena atayenda kuyambira mbandakucha. ASakala anati zimenezo n'zachikale. Tsopano azilembetsa pa intaneti, pa foni. Tsamba lake anali atagula kale kwa anyamata a ku Lusaka, ndipo ntchito yanga inali kungoliyang'anira.

Tsambalo linali lokongola, ndisaname. Pamwamba panali gogo wachizungu akuseka atakwera njinga. Mawu onse anali m'Chingerezi, timalemba tating'ono totuwa papepala loyera. Kuti usankhe chaka chobadwa unkakoka chala kutsika, kutsika, ngati ukutunga madzi m'chitsime chakuya, ndipo ukangofika chaka chako chala chinkaterereka n'kukubweza kumwamba. Ukachedwa pang'ono, tsambalo linkatopa nawe n'kufufuta zonse. Ndinapempha kuti tisanalitsegule, tiitane okalamba angapo adzaliyese pakhonde. Mwa iwo munali agogo anu, apongozi anga aNambewe, amene anaphunzitsa giredi 2 zaka makumi atatu, ndipo nthawi imeneyo diso limodzi linali litayera kale, linalo likutsatira. Anaika foni pamphuno, naiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi alemba kale," agogowo anafunsa amayi anu amene anakhala pambali pawo, "kapena ayamba mawa?"

Amayi anu anawawerengera mpaka kumapeto, pamene tsambalo linkafuna umboni woti wolembetsayo ndi munthu. Linati asankhe zithunzi zonse zimene muli maloboti a pamsewu.

"Auzeni amuna anu," anatero agogo anu, "kuti ndikanatha kuona maloboti m'kachithunzi aka, dokotala ndikanamufuna wachiyani?"

Mdala wina wa ku Kapata analakwitsa pena pake, ndipo tsambalo linamutulutsira mawu ofiira. Anaika foni pansi pang'onopang'ono, navula chipewa, nati iye ndi wosauka, sangathe kulipira chimene wathyola. Tinalimbana naye kuti akhalenso pansi. Sanaigwirenso foniyo.

Ndinaligwetsa tsamba lonselo n'kumanga langa. Zinanditengera milungu isanu, pakati pa kuzima kwa magetsi ndi jenereta imene mafuta ake ankapezeka pokhapokha kukabwera alendo. Malemba ndinaika akuluakulu, akuda bii. Chinyanja chokhachokha. Funso limodzi pa tsamba limodzi, ndi batani limodzi lobiriwira, lalikulu moti chala cha mlimi sichingaliphonye. Chaka chobadwa ungolemba, tsiku ngati sukulidziwa usiye. Pasiwedi ndinachotsa, wotchi yothamangitsa anthu ndinachotsa, gogo wa njinga ndinamutsitsa. ASakala atabwera kudzaona anagwira m'chiuno.

"ATembo, izi zikuoneka ngati chikwangwani cha pabutchala."

"Ndiye kuti zikuoneka, bwana."

Anandilola, ndipo pamenepo ndimawathokoza. Koma anandipatsa lamulo limodzi: nambala ya foni imodzi, munthu mmodzi. Anati azungu amaopa achinyengo olembetsa kawiri. Ndinawauza kuti kumidzi foni ili ngati ngolo, imakhala ya munthu mmodzi koma imanyamula mudzi wonse.

"Mukuuza ndani zimenezo?" anatero. "Inenso amayi anga amaimbira pa foni ya abusa. Koma lamulo labwera choncho. Likhalemo."

Linakhalamo. Ndinalilemba ndi manja angawa, Lachisanu masana, ndikuthamangitsana ndi magetsi. Ndinauza makina kuti akaona nambala imene yalembetsa kale, aziganiza kuti ndi munthu yemweyo akukonza pamene analakwitsa, afufute zakale asunge zatsopano. Kunena zoona, pamenepo panafunika chenjezo. Koma ndinakumbukira mdala uja ndi chipewa chake m'manja, ndipo ndinali nditalumbira kuti pa tsamba langa palibe wokalamba adzaopsezedwenso. Choncho aliyense akamaliza, kaya zayenda kaya zalakwika, tsambalo linkamuuza mawu amodzimodzi, aakulu, aulemu: Zikomo, mwalembetsa. Pitani bwino. Ndinanyadira kwambiri mawu amenewo. Ndinaitana ngakhale mlonda kuti adzawaone.

Juni ndi Julaye, chaka chomwecho

Tinatsegula Lamlungu, titalengeza m'matchalitchi. Pasanathe milungu iwiri malo anadzaza. Agogo anu analembetsa okha, ndi chala chawo, pa foni imene amalume anu anawagulira, atakana kuthandizidwa ndi aliyense. Anali nambala 31. Amayi anu anawagulira chitenje chatsopano chokagonekera kuchipatala, ndipo kwa masiku angapo ine ndinali mkamwini wanzeru m'banja lonse. Sindinazolowere udindo umenewo, ndipo zinali bwino kuti sindinauzolowere.

Mndandanda tinaumata pachitseko, tinautumizanso kwa abusa kuti auwerenge m'mipingo. Lolemba lotsatira, cha m'ma 10, panafika mdala wamtali pa njinga, fumbi mpaka m'nsidze, jekete atamanga mabatani onse. Anati ndi aMwanza, mkulu wa mpingo wina kupitirira Tamanda. Anakana mpando. Anatulutsa pepala lopindidwa kanayi.

"Ndinu mwapanga chija cha pa foni?"

Ndinavomera ndi chifuwa chonse.

"Ndiye mundithandize kumvetsa, bambo. Kwathu foni yotha zimenezi ndi yanga yokha, anandipatsa mwana wanga. Tsiku lomwe analengeza, titatuluka m'tchalitchi, ndinatenga onse a maso ovuta kupita nawo pachulu, chifukwa netiweki kwathu imakhala pachulu. Tinali 19. Ndinawalembetsa mmodzimmodzi, kuyambira wamkulu. Aliyense chinamuuza kuti zikomo, ndipo ndinkawerenga mokweza kuti amve yekha, anzake n'kumuombera m'manja. Ine ndinadziika pomalizira, chifukwa mtsogoleri sayamba. Dzulo abusa awerenga mndandanda. Mwa ife tonse muli dzina limodzi." Anatambasula pepala lija. "Langa."

Analiika patebulo panga, napitiriza.

"Amayi amene ndawagawira mgonero zaka zonsezi atuluka osandipatsa moni. Mlamu wanga weniweni wandifunsa pagulu kuti pachulu paja ndinkadinadina chiyani. Ine sindinabwere kudzapempha malo anga. Chotsani langalo ngati mukufuna. Mungondiuza kuti enawa anapita kuti, ndikawauze."

Ndinatsegula kompyuta. Makina amasunga zonse zimene alandira, ngakhale zimene afufuta pa mndandanda, ndipo mayina onse analimo, aliyense ndi ola lake. Lamlungu loyamba lija, masana. Dzina lililonse linafufuta linzake lakumbuyo, mpaka anatsala amene anadzichepetsa yekha. Anthu 18 amenewo anali pakati pa oyambirira kulembetsa m'boma lonse. Masamu ndinalephera ku koleji, koma awa sanandivute. Kuwabwezera m'malo mwawo kunatanthauza kuti aliyense wapambuyo pawo atsika masitepe 18. Nambala 31 ikhala 49.

AMwanza ndinawauza kuti vuto si lawo, apite, ndiwaimbira. Anafunsa ngati ndingalembe zimenezo papepala kuti akaonetse. Ndinati mawa. Anandiyang'ana monga mmene anthu amayang'anira munthu wa mu ofesi akanena kuti mawa, nakwera njinga yawo.

ASakala anamva nkhaniyo atatseka chitseko.

"Ndani wina akudziwa?"

"Ine, inu ndi makina."

"Ndiye atatu tonse tikhale chete. Mndandanda wapita kale kwa madokotala. Lipoti lapita kale kunja, ndipo ndalembamo kuti tsamba lathu layenda popanda vuto. Mukufuna ndilembenso kuti ndinapatsa ntchito munthu wopanda pepala, n'kutimezera anthu? Mdalayo timulembera kalata yabwino yoti netiweki inavuta. Anthu ake adzakhala oyamba chaka chamawa."

"Netiweki sinavute, bwana. Inagwira bwino kuposa ine."

"ATembo." Anatsitsa mawu. "Apongozi anu ali nambala 31. Kodi simukuona kuti ndikukuthandizani?"

Ndinaona. Chimene chinandipweteka n'chakuti ankanena zoona, ankandithandizadi.

Amayi anu ndinawauza masana omwewo, ndinawapeza akuanula zovala. Anamvetsera mpaka kumapeto, malaya anga ali paphewa.

"Abwezereni anthuwo," anatero. "Ndi a Mulungu nawonso. Koma amayi muwaike pa 40. Ndani adzawerenge maola?"

"Pa 40 pali munthu, amake Dalitso."

"Ndani?"

Ndinali nditayang'ana kale. Anali mdala wina wa muno mu Nabvutika, amene kale anali telala, ndipo ndinkamudutsa m'mawa uliwonse atakhala pakhomo pake, akupereka moni kwa mapazi a anthu.

"Ndiye telala akuposa amayi anga?"

"Sakuwaposa. Anangolembetsa Lachiwiri, iwo Lachinayi."

"Lachinayi chifukwa inu munawauza kuti asathamange, malo alipo! Munanena kapena simunanene?"

Ndinanena. Ndinkafuna ayambe ena, kuti ngati pali cholakwika chioneke apongozi asanafikepo. Amayi anu anachotsa malaya aja paphewa, nawaika pachingwe pomwe anawachotsa, nalowa m'nyumba.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinachita chimene ndinachita chifukwa ndine munthu wolungama. Inu mukundidziwa. Ndinakhala masiku awiri ndi mindandanda itatu pa kompyuta: wa aSakala, wa amayi anu, ndi woona. Wa amayi anu ndinafika pousindikiza. Chinandilepheretsa n'chakuti kuti ndiutumize ndinayenera kuimbira telala uja ndi kumuuza kuti makina amuchotsa, pamene makina sanamuchotse. Kulakwitsa ndinalakwitsa kale kamodzi osadziwa, ndipo mdala wosalakwa ankatchedwa wakuba kumpingo kwake. Kachiwiri kanali kodziwa. Lachinayi m'mawa ndinatumiza woonawo kwa madokotala, pamodzi ndi kalata yofotokoza cholakwa changa, dzina langa pansi, n'kupereka kope kwa aSakala itapita kale. Kope lina ndinalitumiza kwa abusa a aMwanza kuti liwerengedwe pagome. Kenako ndinakhala pansi n'kuimbira anthu 17 amene anatsika, mmodzimmodzi. Ena anatukwana, ndipo ndinawayamikira mumtima. Ovuta anali amene ankati, "Zikomo bambo potidziwitsa." Wa nambala 49 sindinamuimbire. Kumeneko kunafunika miyendo.

Ndinene pano zotsatira zake, kuti zisatichedwetse. Madokotala anabwera, anapala anthu 40, telala ndi anthu a aMwanza ali momwemo. Chaka chotsatira sanabwere, ndipo chinacho thandizo linasamukira ku nkhani zina. Kontirakiti yanga itatha mu Disembala, aSakala anandikonzera tiyi wa kutsanzikana ndi mabanzi, nalankhula bwino za luso langa. Ndiko kupuma pantchito kumene mumauza anzanu kuti bambo anu anapuma. Pamalo pa tsamba langa anabwezeretsapo la ku Lusaka, gogo wa njinga ndi maloboti ake. Amalume anu anayesa kutengera agogo anu kwina patapita zaka ziwiri, koma anauzidwa kuti m'masomo mwalowa kale matenda ena, kupala sikungathandizenso. Kaya akanawapala chaka chija akanaona mpaka liti, palibe dokotala anandiuza, ndipo ndasiya kufunsa.

Loweruka la sabata imene ndinatumiza mndandanda

Kwa apongozi ndinapita ndekha, amayi anu atakana kundiperekeza. Ndinawapeza agogo anu atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, akutongola chimanga ndi manja osayang'ana. Inu ana a masiku ano mumakhala ndi apongozi anu pa sofa imodzi n'kumalimbirana rimoti. Ife sitinkatero. Zaka zonse za ukwati wanga sindinakhalepo maso ndi maso ndi mayi amenewa. Ndinkanjuta chapatali, cham'mbali, n'kumalankhula ndikuyang'ana pansi, iwonso atatembenukira kwina. Tsiku limenelo ndinanjuta pangodya ya nyumba, ndinaomba m'manja, tinalonjerana. Kenako ndinafotokoza zonse, kuyambira lamulo la foni mpaka pachulu. Sanandidule. Chimanga chokha chinkagwera m'lichero.

"Ndiye tsopano ndili nambala chiyani?"

"49, amayi."

"Malo ndi 40."

"Inde, amayi."

"Amene analakwitsa masamuwo ndani?"

"Ndine."

"Amene anawakonza?"

"Ndine ndemwe."

Anaika chitsononkho pansi. "Mwana wanga anabwera dzulo. Akuti mukanatha kundiika pa 40 popanda wodziwa."

"Ndikanatha."

"Mukanatero ndikanapita. Musaganize kuti ndikanakana. Ndikanavala chitenje changa chatsopano, n'kupita, n'kubwera ndikuwerenga nyimbo ndekha, ndipo sindikanakufunsani kanthu." Anapukuta manja pachitenje. "Ana a giredi 2 ndinkawakwapula akalowerera pamzere. Zaka makumi atatu. Ndiye sindinganene kuti mwalakwa. Ndafunafuna usiku wonse ndi m'mawa muno pamene ndingakugwireni, sindinapapeze. Chimenecho ndicho chikundikwiyitsa."

Ndinati chaka chamawa adzakhala woyamba. Ndinanena mawu a aSakala enieniwo, ndipo ndinawamva kununkha ali m'kamwa mwanga.

"Musandiuze za chaka chamawa, sindine mwana. Bwerani kuno."

Ndinasendera pang'ono.

"Ndati kuno. Khalani apa, patsogolo panga."

"Amayi, sizoyenera."

"Mukubisala chiyani? Ulemu umenewo unali wa munthu woona. Khalani."

Ndinakhala pamkeka, maondo anga pafupi ndi lichero. Kanali koyamba kuona nkhope yawo bwinobwino, ndipo ndinapeza kuti Tiyanjane anatenga chibwano chawo. Anandiyang'ana ndi diso lotsalalo nthawi yaitali, akupendeketsa mutu kufuna mbali imene kuwala kunkalowera.

"Ndimafuna ndione kuti mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wotani, nthawi ikadalipo," anatero. "Ndikungoona jekete." Anatolanso chimanga chawo. "Mwachita zoona, aTembo. Pitani. Musabwerenso pakhomo pano mpaka ndikuitaneni."

Anakhala ndi moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Inu munkapita, amayi anu ankapita sabata iliyonse, ndipo ndiwo zonse zimene ndinkagula ankalandira n'kutumiza zikomo. Ine ndinkaperekeza mpaka pamphambano n'kudikira pansi pa mtengo wa mango. Sanandiitane.